Thupi ndi langa, asuweni

Uthenga unalowa itangodutsa 1 koloko usiku: "Asuweni, muli maso?" Ndinali maso, magetsi anali atangoyaka kumene ndiye ndinkatchaja foni uku ndikuonera timavidiyo topanda mutu. Ndinayankha kuti eya. Panadutsa kanthawi munthu akulemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta. Kenaka anatumiza: "Ndadzipweteka kumaliseche. Chonde musaseke."

Ndinaseka. Ndinatumiza tinkhope titatu togwetsa misozi ya phwete, n'kumufunsa kuti wagwa liti m'papaya. Ameneyu ndi mwana wa amalume anga, wa zaka 22, ali ku koleji. Pachisuweni pathu timanyozana kuyambira tili ana, ndipo n'chifukwa chake anasankha ine: nkhani ngati iyi sungaiyambe ndi bambo ako kapena mlongo wako. Sanayankhenso usiku umenewo. Anadzayankha mawa lake madzulo, nditamuimbira kanayi.

Wandilola kulemba izi bola ndisamutchule dzina.

Nkhani yake inali yotere. Kwa miyezi inayi, m'mawa uliwonse ali kubafa, ankachita zimene anaziona pa vidiyo ina, zotchedwa jelqing: kufinya ndi kukoka chida ngati ukukama ng'ombe, ati kuti chikule ndiponso chiwongoke, poti chake chinali chokhotera pang'ono kumanzere chibadwire. Mwezi wachitatu chinayamba kupweteka chikadzuka. Iye anati ndiye kuti zikugwira ntchito, paja kujimu amati ululu ndi umboni. Mwezi wachinayi anamva kanthu kolimba pansi pa khungu, ngati njere ya nyemba, ndipo kukhota kuja kunali kutawonjezeka moti sakanathanso kudzinamiza.

Nditasiya kuseka ndinalumphira mbali ina, kukalipa. Iwe, mwana wa sukulu, ungachite zopusa zoterezi? Anandiyankha mofatsa: "Koma thupi ndi langa, asuweni. Sindinabe cha munthu." Mawu amenewa ndakhala nawo masabata angapo tsopano, chifukwa pa nthawiyo ndinalibe choyankha.

Kunena zoona, ine ndimagwirizana nawo mawuwo. Sindili m'gulu la anthu amene amati mmene unabadwira usakhudzepo. Ndimavala magalasi. Anzanga ambiri anakachita mdulidwe kuchipatala ali akuluakulu kale. Mwana akabadwa ndi mlomo wong'ambika timathamanga naye kuti akamusoke, palibe amati musiyeni ndi mmene analengedwera. Timaboola makutu, timanyamula zitsulo kuti chifuwa chituluke. Ndiye ngati zonsezi zili bwino, msuweni wanga analakwa pati?

Kulakwa koyamba n'kosavuta kukuona, ndipo si nkhani ya makhalidwe ayi. Ananamizidwa za mmene chiwalocho chinapangidwira. Chida cha abambo si mnofu ngati wa pamkono woti ukaulimbitsa umakula. Mkati mwake muli timachubu tiwiri tangati siponji timene timadzaza magazi, ndipo takutidwa ndi chikopa cholimba koma chotamuka chimene madokotala amachitcha tunica albuginea. Chikopa chimenechi chikang'ambika pang'onopang'ono sichipola n'kukula. Chimapola ndi chipsera, ndipo chipsera sichitamuka. Amene munamatapo chubu cha njinga mukudziwa: mukapopa, mbali ya chigamba imatsalira pamene kwinako kukufufuma. Ndi mmenenso chida chimapindikira, kulowera mbali ya chipsera, ndipo nthawi zina chimafupika kumene. Vutoli limatchedwa nthenda ya Peyronie, potengera François Gigot de la Peyronie, dokotala wa opaleshoni wa mfumu Louis XV ya ku France, amene analifotokoza mu 1743. Kawirikawiri limagwira abambo opitirira zaka 40, ena osakumbukira n'komwe kuti anavulalapo, ndipo odwala shuga limawapeza kwambiri. Koma madokotala amachenjeza kuti kufinya ndi kukoka kwa tsiku ndi tsiku kungabweretse zipsera zomwezi, kuwonjezera pa kuvulaza timitsempha ndi kuchititsa dzanzi. Ndipo palibe kafukufuku amene anaonetsapo kuti jelqing imawonjezera ngakhale sentimita imodzi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kukhota kumene ankalimbana nako sikunali matenda. Amuna ambirimbiri chawo chimapendekera kumanzere, kumanja, m'mwamba kapena pansi. Ngati sichipweteka, sichikusintha, ndipo sichilepheretsa kugonana, palibe chokonza. Za kukula nazo, mu 2015 David Veale ndi anzake ku London anasonkhanitsa miyezo ya amuna 15,521, oyezedwa ndi azachipatala osati odziyeza okha (mukudziwa mmene timawonjezerera tikamadziyeza tokha). Anapeza kuti pakatikati, chida chikadzuka chimatalika masentimita 13.12. Foni imene mukuwerengerayi mwina ndi yaitali kuposa pamenepo. Nditamuuza nambalayi msuweni wanga anakhala chete, kenaka anati iye anali atapitirira pamenepo asanayambe n'komwe.

Apa ndi pamene funso lija linandivuta. Tinene kuti masewerowo akanakhala kuti amagwiradi ntchito, opanda chipsera, opanda ululu. Kodi ndikanati palibe vuto? Mtima wanga ukukanabe, ndipo ndayesa kufufuza chifukwa chake.

Ndinamufunsa kuti, kodi pali mtsikana amene anadandaulapo? Anati palibe. Ndinamufunsanso kuti ukanafika pa masentimita angati kuti unene kuti basi, zakwana? Sanayankhe. Ndikuganiza kuti nambala imeneyo kulibe. Ine nditavala magalasi ndinaona pa bolodi, nkhani inathera pomwepo. Koma iye ankathamangira chinthu chopanda malire, pofuna kukhutiritsa woweruza amene sanamuonepo nkhope. Pa kafukufuku wina wa mu 2006 ku America, wa anthu oposa 52,000, akazi 85 mwa 100 alionse anati ndi okhutira ndi kukula kwa chida cha amuna awo, pamene amuna okhutira ndi chawo anali 55 okha mwa 100. Ndiye woweruzayo si mkazi kwenikweni. Ndi amuna anzathu. Ndi ife.

Ndikuti ife chifukwa ndili ndi mlandu wanga. Ndili Fomu 1 pa sukulu ina yogonera konko, tinkasamba pa bafa imodzi anyamata khumi nthawi imodzi, madzi ozizira a m'ndowa. Panali mnyamata wina wochepa thupi, amene msinkhu unali usanamufikire bwino ngati enafe. Tsiku lina ndinamuyang'ana n'kunena kuti, "Aaa, koma kambuzi!" Bafa yonse inagwa nacho chiseko. Dzinalo linamumatirira zaka zinayi, mpaka aphunzitsi ena ankamuitana choncho osadziwa kumene linachokera. Anayamba kusamba 4 koloko m'bandakucha, yekha, ngakhale mu June. Ife tinkati ndi wakhama pa sukulu. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene ankadziwa kuti anyamata amakula pa nthawi zosiyana, kuti madzi ozizira amafwetsa aliyense, kapena kuti chako ukachiyang'ana kuchokera pamwamba chimaoneka chachifupi kuposa cha mnzako chimene ukuchionera m'mbali. Tonse tinkatuluka m'bafa muja aliyense ali ndi kamantha kake, n'kumaseka mokweza kuti maso apite kwa wina.

N'zosavuta kuloza chala intaneti, ndipo mbali yake ilipo. Makanema olaula amasankha amuna achilendo pa anthu masauzande, kamera n'kuiika pamalo pokuza zinthu, ndiye mnyamata wa zaka 15 amaona ngati dziko lonse lili choncho kupatula iye. Koma nkhawayi ndi yakale kuposa bandulo. Tonse tinamvapo za mvunguti: ati ukatemera mogwirizana ndi chipatso chake chili mumtengo, chako chimakula limodzi nacho, ndipo ukaiwala kukachithothola udzalira. Timaiseka nthanoyi, koma anaipeka ndi anthu amene ankadera nkhawa zomwezi kulibe foni. Lero yang'anani mapolo a magetsi ku Limbe kapena mu Lilongwe, mapepala omatidwa ndi nambala ya foni: kukulitsa chida, kubweza wokondedwa, mwayi wa ntchito. Amene anafikako ku Johannesburg akuti kumeneko amachita kukupatsira m'manja pa msewu.

Bizinesi imeneyi ndimaiona kuti ndi yochenjera moipa, chifukwa kasitomala wake sangadandaule. Ukagula foni yakufa umabwerera pa shopu n'kukachita phokoso. Koma ndani angapite kupolisi kukanena kuti mafuta okulitsira aja andiwotcha? Ena amafika pobayitsa mafuta ngati Vaseline pansi pa khungu, zimene zimatupitsa, kuumitsa ndi kuwoletsa khungulo mpaka madokotala kuchita kulichotsa. Wogulitsa amadziwa kuti manyazi amene anabweretsa kasitomala ndi omwewo adzamutseke pakamwa. Ndipo manyaziwo sanawapange yekha. Tinamupangira ife kubafa, ulere.

Pali chotsutsa chimene ndadzifunsa ndekha, ndipo sindikufuna kuchizemba. Kodi si zofuna zathu zonse zimene zimachokera kwa anthu ena? Kametedwe kanga ndinakaonera kwa ena. Nsapato zimene ndimasirira, ngakhale chilankhulo chimene ndikulemberachi, zonse ndinazipeza. Ngati chilakolako chochokera kunja si changa, ndiye changa n'chiti? Pamenepa mzere wowongoka sindinaupeze. Chimene ndaona n'chaching'ono: msuweni wanga akapita kujimu amajambula n'kuika pa status. Izi ankachita atakhoma chitseko, mpopi akuthira madzi kuti anzake asamve. Atavulala anakhala milungu isanu osauza munthu, akufufuza pa Google usiku, kenaka n'kufufuta zimene wafufuzazo. Akanathyoka mwendo pa mpira bwenzi atafika kuchipatala tsiku lomwelo, anzake atamunyamula. Thupi ndi lakedi, koma pa chiwalo chimenechi analibe ufulu ngakhale wonena kuti chikupweteka. Ndiye mawu aja akuti "ndi langa" ndimawamva ngati a munthu amene akulondera nyumba imene eni ake enieni ndi ena.

Komanso ndisanamizire kuti yankho ndi kungouza aliyense kuti dzivomereze mmene ulili, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mawu amenewa ndi abwino kwa amene alibe vuto. Kwa amene chayamba kupweteka chikadzuka, kapena wamva chotupa cholimba, kapena kukhota kwabwera kumene kunalibe, kapena kwafika poti kugonana sikutheka, kumuuza kuti adzivomereze ndi nkhanza inanso, yovala jekete. Ameneyo akufunika dokotala. Ndipo amene wamva kuti thwa! pogonana, chida n'kugwa nthawi yomweyo, kutupa ndi kuda, ameneyo asadikire kuti kuche: chikopa chija chang'ambika, ndipo chimafuna opaleshoni mwamsanga. Kuseka ndi kutonthoza kwabodza zimathera malo amodzi, munthu amakhala pakhomo.

Tinapita limodzi kuchipatala Lachiwiri lina. Pa benchi anandiuza kuti akamufunsa pa windo anena kuti ndi m'mimba. Ndinati nena zomwezo pa windo, koma mkatimo ukanene zoona. Anakhalamo mphindi 20. Potuluka anati dokotalayo sanaseke, sanadabwe n'komwe, anangofunsa kuti zinayamba liti ngati akufunsa za chifuwa. Anamuuza kuti asiyiretu zokokazo, anamupatsa mankhwala a ululu, n'kumuuza kuti azibwera kudzaonedwa. Ululu nthawi zambiri umatha wokha, koma kukhotako kumatenga miyezi, mwina chaka kapena kuposerapo, kuti kukhazikike, ndipo za opaleshoni sakamba mpaka patafika pamenepo. Kungachepe, kungakhale momwemo, kungawonjezeke. Ali ndi zaka 22 ndipo akudikira.

Mu minibasi pobwerera sitinayankhulane kwambiri. Ndinamupepesa za tinkhope tija. Anati, "Ndinkadziwa kuti museka, asuweni. Ndinangoona kuti bola inu." Sindinadziwe ngati kumeneko n'kundiyamikira.

Usiku womwewo ndinaganiza zomusaka mnyamata wa kubafa uja pa Facebook. Sindinkadziwa kuti ndikamupeza ndilemba chiyani, mwina moni chabe. Ndinatsegula posakira, zala zili pa kiyibodi, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti dzina lake lenileni sindikulikumbuka. Ndinafunsa pa gulu la WhatsApp la kalasi yathu, muli anthu 43. Anayankha asanu ndi mmodzi, onse ndi tinkhope toseka: "Ukunena Kambuzi?"