Kulimbikitsa Kapena Kushashalika? Phunziro la Barnaba Woyera

M'parishi ya m'tauni anthu amalankhula kwambiri. Misa ikangotha, pabwalo la tchalitchi pamakhala timagulu, ndipo m'kati mwa sabata nkhani zimapitirira pa magulu a WhatsApp a mphakati, a kwaya, a amayi ndi a achinyamata. Zambiri mwa nkhanizi zimakhudza anthu ena: uyu wachotsedwa ntchito, uyo banja lake lagwedezeka, wina mwana wake watenga pathupi ali pasukulu, winanso watuluka kundende ndipo wayambiranso kubwera ku Misa yoyamba.

Palibe mkhristu amene angatsutse kuti miseche ndi tchimo. Funso lovuta lili pena. Kodi mkhristu anene chiyani za munthu amene adalakwadi, amene mbiri yake yoipa si yongopeka? Akamulankhulira zabwino, kodi sakubisa choona? Nanga akangokhala chete, kodi sakumusiya m'dzenje? Ena amaganiza kuti mawu olimbikitsa ndi mawu otsekemera chabe, a anthu oopa kunena chilungamo. Enanso amaganiza kuti kunena chilungamo ndiko kukumbutsa munthu zolakwa zake mpaka kumanda. Moyo wa Barnaba Woyera, amene Mpingo umamukumbukira pa 11 June chaka chilichonse, umathandiza kuweruza nkhaniyi.

Munthu amene adaika dzina lake pachiswe

Dzina lake lenileni lidali Yosefe, wa fuko la Levi, wobadwira pachilumba cha Kipro. Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 4, limafotokoza kuti Atumwi ndiwo adamupatsa dzina loti Barnaba, lonena za munthu wolimbikitsa anzake. Pamalo omwewo pakusimbidwa ntchito yake yoyamba: adagulitsa munda wake, ndalama zake n'kuzipereka kwa Atumwi kuti zithandize osowa. Munthu wodziwika ndi mawu abwinoyu akuyamba kuonekera m'Malembo akupereka chuma, asanalankhule kanthu.

Mayeso ake aakulu adafika Saulo atabwera ku Yerusalemu atatembenuka mtima. Akhristu a kumeneko adamuopa, ndipo sadakhulupirire kuti wasinthadi. Mantha awo sadali opanda pake. Saulo yemweyu adavomereza kuphedwa kwa Stefano, ndipo ankalowa nyumba ndi nyumba kugwira amuna ndi akazi n'kukawatsekera m'ndende. Mumpingo umenewo muyenera kuti mudali anthu amene abale awo adavutika m'manja mwake. Amene akadati Saulo asayandikire sakadakhala akunama.

Barnaba adamutenga Saulo n'kupita naye kwa Atumwi. Sadakane zimene Saulo adachita, ndiponso sadazichepetse. Adafotokoza mbali ina ya choona imene enawo sankaidziwa kapena sankafuna kuimva: kuti munthuyu adakumana ndi Ambuye panjira, ndipo adalalika dzina la Yesu mopanda mantha ku Damasiko. Zonsezi zidali zoona monga momwe mbiri ya chizunzo idaliri yoona.

Apa ndi pamene pali yankho loyamba. Wolimbikitsa mnzake mwachikhristu amanena choona chonse, pomwe wamiseche amasankhapo mbali yonyansa yokha. Bambo amene adamangidwa chifukwa cha ndalama za kuntchito adabadi, koma ngati kwa zaka ziwiri tsopano akudyetsa ana ake ndi ganyu wachilungamo, zimenezonso n'zoona, ndipo wozisiya dala pofotokoza za bamboyo wapotoza chithunzi chake. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2477, amaika m'gulu la machimo kuulula zolakwa za munthu kwa amene sakuzidziwa popanda chifukwa chomveka, ngakhale zolakwazo zikhale zoona.

Ndipo mawu otere ali ndi mtengo wake. Saulo akadakhala kazitape, mlandu wonse ukadagwera Barnaba. Kuuza munthu pambali kuti “limbani mtima” n'kosavuta. Kuimirira pamsonkhano wa mphakati n'kunena kuti “munthu uyu ndikumudziwa, wasintha, tiyeni timulandire” n'kubwereketsa mbiri yako kwa amene alibe.

Kudzichepetsa kumene kumaoneka pa maudindo

Patapita nthawi, mpingo wa ku Yerusalemu udatuma Barnaba ku Antiokeya, umodzi mwa mizinda ikuluikulu ya ufumu wa Aroma, kumene anthu ambiri amene sadali Ayuda ankalowa mumpingo. Ntchito idamuyendera bwino. Akadafuna, akadakhala yekha mtsogoleri wa mpingo watsopanowo. M'malo mwake adanyamuka kupita ku Tariso kukafunafuna Saulo, n'kubwera naye kuti aphunzitse limodzi kwa chaka chathunthu. Kumeneko ndi kumene ophunzira a Yesu adayamba kutchedwa akhristu.

Owerenga Ntchito za Atumwi mwachidwi amaona kanthu kena. Poyamba bukuli limatchula Barnaba patsogolo, Saulo pambuyo. Kuchokera pakati pa mutu 13, kawirikawiri dzina la Paulo ndilo limatsogola. Ku Listara anthu adaona okha kuti wolankhula wamkulu ndi Paulo. Amene adatengedwa ndi dzanja uja adaposa womutenga, ndipo palibe pamene pakuonetsa kuti Barnaba adachita nazo nsanje.

Izi zikusonyeza chifukwa chake mawu olimbikitsa sayenda popanda kudzichepetsa. Nthawi zambiri chimene chimatseka pakamwa pa munthu kuti asayamikire mnzake ndi mantha oti woyamikiridwayo amuposa. Woyimbitsa kwaya amene wakhala pa udindo zaka khumi amamva bwino lomwe kuti mtsikana wina ali ndi luso lophunzitsa nyimbo, koma kumuuza zimenezo kuli ngati kudzichotsa yekha pampando. Wapampando wa mphakati amadziwa mnyamata amene angathe kutsogolera kugawana Mawu a Mulungu, koma amamusiya azingonyamula mabenchi. Chisankho cha atsogoleri chikayandikira, ndi pamene zolakwa zakale za anthu aluso zimakumbukika mwadzidzidzi.

Miphakati, imene Episkopi Patrick Kalilombe adailimbikitsa kwambiri mu dayosizi ya Lilongwe pa sinodi yaing'ono ya 1973 mpaka 1975, idakhazikitsidwa kuti akhristu eni ake asenze moyo wa Mpingo m'dera lawo. Cholinga chimenechi chimafa pamene maudindo azungulira pa anthu atatu okhaokha, ena onse n'kumangoonerera. Mtsogoleri wodzichepetsa amadziwika ndi chiwerengero cha anthu amene adawakweza, makamaka amene lero akuchita bwino kuposa iye.

Mawu amafuna manja

Njala itagwa m'nthawi ya mfumu Klaudio, akhristu a ku Antiokeya adasonkha thandizo la abale a ku Yudeya, aliyense monga momwe akadathera, ndipo amene adanyamula thandizolo adali Barnaba ndi Saulo. Kalata ya Yakobo, mutu 2, imadzudzula munthu amene amafunira mafuno abwino m'bale wausiwa ndi wanjala koma osamupatsa kanthu. M'tauni, momwe lendi, fizi ndi mtengo wa ufa zimapanikiza pafupifupi banja lililonse, chiyeso chimenechi n'chachikulu. Uthenga wa chipepeso pa foni umatumizidwa m'kanthawi kochepa. Kugona pamaliro, kuphikira wodwala amene alibe womudikirira kuchipatala, kuperekeza mayi wamasiye kukatsata ndalama za malemu amuna ake, zimenezi zimadya tsiku lathunthu.

Malemu Papa Francis, pa Lachinayi Loyera lake loyamba ngati Papa, pa 28 March 2013, adakachitira Misa kundende ya achinyamata ya Casal del Marmo ku Rome, n'kusambitsa mapazi a akaidi 12, pakati pawo atsikana awiri. Achinyamata amenewo adauzidwa ndi madzi ndi thaulo kuti akadali anthu pamaso pa Mulungu. Munthu wosweka mtima amakhulupirira mawu a amene wamugwadira kuposa a amene akumulangiza ataimirira patali.

Nanga wopatsidwa mwayi akakhumudwitsa?

Pali chitsutso chimene sichiyenera kunyozedwa. Anthu ena amapatsidwa mwayi wachiwiri n'kuwononganso. Nkhani yotere idagawanitsa Paulo ndi Barnaba. Pa ulendo wawo woyamba adatenga Yohane Marko, koma atafika ku Pamfiliya mnyamatayo adawasiya n'kubwerera ku Yerusalemu. Pokonzekera ulendo wachiwiri, Barnaba adafuna kumutenganso, Paulo adakana, ndipo mkangano udakula mpaka adapatukana. Barnaba adapita ku Kipro ndi Marko, Paulo adasankha Silasi.

Paulo adali ndi mfundo. Ulendo wa utumwi udali woika moyo pachiswe, ndipo munthu wothawa pakati panjira amaika anzake pangozi. Kuwonjezera apo, Marko adali msuweni wa Barnaba, motero wina akadatha kunena kuti uku n'kukondera chibale. Malembo sagamula kuti wolakwa adali ndani. Chimene amaonetsa ndi mathero ake: m'kalata yopita kwa Akolose, Paulo akupempha kuti Marko akafika amulandire, ndipo m'kalata yachiwiri yopita kwa Timoteo akupempha kuti abwere naye chifukwa ndi wothandiza pa ntchito. Mwambo wa Mpingo umati Marko ameneyu ndiye adalemba Mthenga Wabwino wodziwika ndi dzina lake.

Njira ya Barnaba ikuoneka pa zimene adachita. Sadaumirize Paulo kuti asenze munthu amene sakumukhulupirira. Adamutenga yekha Marko, n'kupita naye kwawo ku Kipro, kumene akadatha kumuyang'anira. Kulimbikitsa munthu sikufuna kuti nzeru zitayidwe. Amene adasokoneza ndalama za mphakati sayenera kupatsidwanso buku la msungichuma mawa lake lomwe, ndipo ayenera kubweza zimene adatenga. Koma pali ntchito zina zambiri zimene angagwire, ndipo payenera kupezeka wina woyenda naye. Kumumana udindo umodzi n'kusamala. Kumumana moni, mpando ndi ntchito iliyonse n'kumuweruza kuti chisomo cha Mulungu chidamuthera.

Pamene kukoma mtima kusanduka mantha

Barnaba nayenso adapunthwa, ndipo adapunthwira pa khalidwe lake labwino lomwelo. Kalata yopita kwa Agalatiya, mutu 2, ikusimba kuti ku Antiokeya Petro ankadya pamodzi ndi akhristu amene sadali Ayuda, koma atafika anthu ena ochokera ku Yerusalemu adayamba kudzipatula. Barnaba adatengeka nazo. Munthu wosafuna kukhumudwitsa aliyense adapezeka akukhumudwitsa anthu omwe iye mwini adawalandira mumpingo. Adafunika Paulo kuti adzudzule Petro pamaso pa onse.

Apa ndi pamene kulimbikitsa kumasiyana ndi kushashalika. Katekisimu, pa ndime 2480, amaletsa mawu oyamikira amene amalimbitsa munthu m'zoipa zake. Woshashalika amalankhula kuti iye mwini apindule: akondedwe, aitanidwe, asataye ubwenzi wa bwana. Wolimbikitsa amalankhula kuti womverayo akule, ngakhale zimenezo zimuwawe. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Mkhristu wolemera amene salipira wantchito wa pakhomo pake miyezi itatu sathandizidwa ndi kuombera m'manja chopereka chake cha pa masika. Amathandizidwa ndi mnzake amene angamutengere pambali, monga Mateyo mutu 18 ukulangizira, n'kumuuza zoona awiriwiri.

Mpingo wa ku Malawi uli ndi chitsanzo chake. Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yonena za malipiro ochepa, kusiyana kwa olemera ndi osauka, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, ndi kusowa kwa ufulu wolankhula. Boma lidati kalatayo ndi youkira, maepiskopi adafunsidwa ndi apolisi, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Mawu amenewo sadali otsekemera kwa olamula, komabe adalimbitsa mitima ya anthu ambiri amene adakhala zaka akuopa kulankhula, ndipo pa 14 June 1993 dziko lidachita riferendamu. Mawu omanga amayezedwa ndi zimene amadzutsa mwa anthu, kaya pomveka akome kaya awawe.

Chotsalira kwa mkhristu aliyense

Kumayambiriro kwa Misa, mpingo wonse umavomera kuti udachimwa m'mawu, ndiponso posachita zimene udayenera kuchita. Mawu abwino amene munthu adawadziwa koma n'kuwameza ali m'gulu lachiwirili: umboni umene ukadatsegulira wina khomo la ntchito, chiyamikiro chimene mwana wa m'nyumba adachidikira chaka chonse, liwu limodzi limene likadaimitsa miseche pagulu.

Amene adaipitsa mbiri ya mnzake ali ndi ngongole. Katekisimu, pa ndime 2487, amaphunzitsa kuti cholakwa chotere chimafuna kukonza zimene zidawonongeka, ngakhale wolakwayo atakhululukidwa kale. Ngati nkhani idafalitsidwa pa gulu la WhatsApp la anthu 80, kupepesa mobisa kwa mmodzi yekha sikubweza dzina la munthuyo. Pamalo pomwe dzina lidagwetsedwa ndi pomwe liyenera kudzutsidwa.

Ndipo mphakati uliwonse uli ndi Saulo wake kapena Marko wake: wina amene amakhala pabenchi yakumbuyo, amatuluka nyimbo yotsekera isanathe, chifukwa akudziwa zimene anthu akudziwa za iye. Munthu ameneyu ulaliki amaumva Lamulungu lililonse. Chimene akusowa ndi mkhristu mmodzi wa mbiri yabwino amene angamupeze pakhomo pake sabata ino, n'kumutenga kupita naye kumsonkhano wa mphakati, ndi kukhala naye pafupi anthu onse akuona.