Dikoni wa ku Plains

Kunja kusanayere bwino, tiyeni tikumbukire a Jimmy Carter, amene anatisiya pa 29 Disembala 2024 ali ndi zaka 100.

Ambiri timangowadziwa ngati pulezidenti wa America, koma anayamba ngati msilikali wa pamadzi, injiniya wa sitima zoyenda pansi pa nyanja. Makina a nyukiliya atawonongeka ku Chalk River, m'dziko la Canada, mu 1952, iwo anatsogolera limodzi la magulu okawaphwasula. Mkatimo munali moopsa moti munthu ankaloledwa kukhalamo masekondi 90 okha. Ndiye anayamba akonza chifanizo cha makinawo panja, n'kumayeserera kumasula bawuti iliyonse mpaka manja atazolowera.

Chimene chimandigwira mtima ine n'cha pambuyo pake. Atachoka pampando mu 1981, anabwerera kwawo ku Plains, ku Georgia. Mumpingo wa Maranatha Baptist anali dikoni, ndipo ikafika nthawi yawo, ankatchetcha kapinga wa patchalitchi ngati wina aliyense. Mbale zamatabwa zolandirira chopereka anazipanga okha. Madokotala atawapeza ndi khansa mu 2015, anapitirizabe kuphunzitsa Sande sukulu, alendo ochokera kutali n'kumafola panja m'bandakucha kuti apeze malo.