Kodi Gombe la Zambezi Ndi la Yani?

Mzinda wa Tete ndi umodzi mwa malo otentha kwambiri m'Mozambique, moti m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. N'chifukwa chake dzuwa likapendeka anthu amatsetserekera ku Zambezi. Amene zinthu zikuwayendera amakhala pa makonde a malo odyera a m'mbali mwa mtsinje, maso ali pa mlatho wa Samora Machel, akudya pende wootcha, ndipo ena amakwera maboti a injini kukawedza mcheni mongosangalala. Pamadzi omwewo msodzi akupalasa bwato lake logoba kufunafuna ndiwo za ana, mayi akuchapa m'mphepete. Kodi pamaso pa Mulungu n'koyenera kuti wina asangalale pamalo pamene mnzake akukhetsa thukuta? Ine ndikuti n'koyenera, malinga chisangalalocho chisatseke njira yopita kudooko.

Alipo okhulupirira amene amaona tchimo m'chisangalalo chilichonse chochitikira pafupi ndi umphawi. Mtima wawo ndi wabwino, koma Malemba sali kumbali yawo. Buku la Mlaliki limaphunzitsa kuti kudya, kumwa ndi kukondwera ndi ntchito ya manja ako ndi mphatso yochokera kwa Mulungu. Pa Yohane 21, Yesu atauka kwa akufa anakonzera ophunzira ake nsomba pamakala m'mbali mwa nyanja ya Tiberiya, iwo atagwira ntchito usiku wonse. Chakudya cha pagombe, tsono, si chinthu chodetsedwa. Koma tione bwino amene anadya m'mawa umenewo: anali asodzi eni ake, anthu amene manja awo anali atakoka khoka. Vuto limayamba pamene wogwira nsomba saloledwa ngakhale kukocheza bwato pafupi ndi pamene nsomba yake ikudyedwa.

Muyeso wabwino tikuupeza pa Levitiko 19, pamene mwini munda akulamulidwa kusakolola mpaka m'malire, kuti wosauka ndi mlendo apeze khunkha. Lamuloli silinalande munthu munda wake. Linangomukumbutsa kuti umwini wake uli ndi polekezera, chifukwa dziko ndi la Chauta. Gombe la Zambezi ndiwo malire a munda wa mzinda wa Tete. Kumeneko ndi kumene munthu wopanda ntchito kumigodi ya malasha ya ku Moatize angathe kuponya mbedza, kutunga madzi kapena kulima dimba. Anthu a Chinyungwe akhala akudalira mtsinjewu kuyambira kale Apwitikizi asanamange linga lawo pamalopa, ndipo malamulo aakulu a dziko la Mozambique amanena kuti nthaka ndi madzi ndi za boma, m'malo mwa anthu onse.

Mwini malo odyera angayankhe kuti iye amalipira msonkho, amalemba ntchito achinyamata ndipo amagula nsomba kwa asodzi omwewo. Zonsezi ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikuti malo oterewa atsekedwe. Komabe malipiro a anthu ochepa sangalowe m'malo mwa njira imene mudzi wonse umadutsa. Ntchito imatha bizinesi ikagwa, pamene dooko limadyetsa mibadwo. Tete akudziwa kale zimene zimachitika mtsinje ukayesedwa ndi ndalama zokha. Damu la Cahora Bassa, limene linamalizidwa mu 1974, linabweretsa magetsi ochuluka amene gawo lake lalikulu limapita ku South Africa, ndiponso nyanja yake imapereka kapenta. Koma linasinthanso kusefukira kwa madzi kumene kunkathira chonde m'madimba ndi kupatsa nsomba malo oswanirana kumunsi kwa mtsinje, ndipo mtengo umenewo analipira ndi alimi ndi asodzi amene sanafunsidwe.

Ena amadabwa ndi mlendo amene amagwira mcheni, n'kuujambula, n'kuubwezeranso m'madzi, ati ndi kusewera ndi chakudya. Sindimuweruza msanga, pakuti nsomba yobwezedwa imakaswana, ndipo kudziletsa kotere kumaposa kwa wokokolola tiana ta nsomba ndi neti yotetezera udzudzu. Chimene chimamuweruza ndi momwe amayendetsera boti lake. Akachepetsa liwiro podutsa bwato logoba kuti mafunde asaligubuduze, wazindikira kuti pamadzipo pali mnansi wake.

Choncho akuluakulu a mzinda, popereka chilolezo chomanga m'mbali mwa Zambezi, aziyamba afunsa kuti anthu atsikira pati, ndipo pakati pa mpanda ndi mpanda pazisiyidwa njira yotakata yofika kumadzi. Mipingo ndi mizikiti ya ku Tete ili ndi udindo wokumbutsa eni chuma zimenezi asanathire konkire, chifukwa mpanda ukamangidwa, wosauka sakhala ndi mphamvu zougwetsa.