ULEMERERO: KUWALA KAPENA KULEMERA?

Munthu akaima m'mawa pafupi ndi msika waukulu wa Lilongwe, nayang'ana maminibasi akutsitsa anthu ochokera ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Area 25, sachedwa kukumana ndi liu la Chingerezi lakuti glory. Lalembedwa pa galasi la kumbuyo kwa minibasi, pa khoma la okala, pa chikwangwani cha saluni. Ana athu aakazi tawatcha Glory ndi Gloria. Timu ya mpira ikatenga chikho, olemba nyuzi amati yapeza glory, ndipo ikayamba kugonja amati masiku ake a glory anapita. Pa mapepala a mwambo wa maliro timawerenganso kuti wakutiwakuti wakhala promoted to glory. Liu limodzi likugwira ntchito pa malonda, pa bwalo la mpira, m'nyumba ya Mulungu ndi kumanda. M'Chichewa timalimasulira kuti ulemerero. Koma kodi zonsezi ndi chinthu chimodzi? Nanga kodi Mkristu amachimwa akamalakalaka ulemerero?

Ulemerero wa maso ndi makutu

Liu la glory linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa, kuchokera ku liu la Chilatini lakuti gloria. Aroma ankatchula nalo mbiri ya munthu wotamandidwa ndi khamu. Kazembe wa nkhondo akagonjetsa adani, ankamuyendetsa pa galeta m'misewu ya Roma, andende ndi zofunkha zili patsogolo, anthu akufuula dzina lake. Kufikira lero liuli limanena zinthu ziwiri: kutchuka, kumene makutu amamva, ndi kuwala, kumene maso amaona. Liu la Chigriki lakuti doxa, limene lili m'Chipangano Chatsopano, nalonso poyamba linkatanthauza zimene anthu akuganiza za munthu.

Onani tsono kuti ulemerero wotere sukhala mwa mwini wake. Umakhala m'maso ndi m'kamwa mwa oonerera. Ndi chinthu chobwereka, ndipo eni ake akhoza kuchilanda tsiku lililonse.

Mzinda wathu uno ndi mboni. Ine ndinabadwa ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda uli kumapeto, koma akuluakulu a m'kalasi mwanu anaona ndi maso awo. M'chaka cha 1971 anamlonga Pulezidenti wa Muyaya, ndipo mu 1975 likulu la dziko linasamuka ku Zomba kudza kuno ku Lilongwe, monga iye anafunira. Ankatchedwa Ngwazi. Amai a mbumba ankabvala nsalu za nkhope yake namubvinira, ana a sukulu ankandanda m'mbali mwa mseu pamene akudutsa. Koma pa 14 June 1993 Amalawi anasankha zipani zambiri, ndipo mu May 1994 anasankha mtsogoleri wina. Posakhalitsa dzina la Kamuzu linachotsedwa pa chipatala chachikulu cha mzinda uno ndi pa bwalo la ndege. Iye anamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997. Mu 2004, Bingu wa Mutharika atalowa m'boma, dzinalo linabwezeredwa, ndipo mu 2006 anatsegula chiliza chachikulu pa manda ake ku City Centre.

Sitikuweruza munthuyo pano, pakuti Woweruza alipo. Tikuona chabe khalidwe la ulemerero wa anthu. M'zaka khumi dzina linachoka pa chikwangwani ndi kubwereranso, koma mai wa ku Mgona wobereka mwana wodwala analowa pa chipata chomwecho, nafuna chinthu chomwecho: mankhwala ndi dzanja lachifundo. Chikwangwani sichinachize munthu, ngakhale tsiku limodzi.

Liu lathu ndi liu la aneneri

Pamene ndinali ku sukulu ya ubusa, tsiku limene tinaphunzira liu la Chihebri lakuti kabod ndinadabwa kupeza kuti makolo athu ndi aneneri ankaganiza mofanana. Kabod, limene Baibulo lathu limati ulemerero, limachokera ku tsinde lotanthauza kulemera, monga limalemerera thumba la chimanga. Pa Genesis 13:2, pamene pakunenedwa za chuma cha Abramu, Chihebri chimati anali wolemera ndi ng'ombe, siliva ndi golidi, ndipo liulo ndi lomwelo la katundu wolemera. Ifenso timatero: mwala ndi wolemera, mwini sitolo ndi wolemera. Lamulo lachisanu, lonena za atate ndi amai (Eksodo 20:12), lili ndi tsinde lomwelo. Mverani tsono mau athu: kulemera, ulemu, kulemekeza, ulemerero. Ndi ana a nyumba imodzi. Ndipo munthu tikamnyoza timati tampeputsa. Pa 1 Samueli 2:30 Yehova akusiyanitsa omlemekeza ndi omnyoza, ndipo za onyozawo Chihebri chimati adzapepuka.

Chotero pali mafunso awiri osiyana. Dziko limafunsa kuti: akuoneka bwanji, ndipo amdziwa ndani? Malembo amafunsa kuti: akulemera bwanji? Mai akamapeta m'lichero, chimene chimauluka m'mwamba ndi kuonekera patali ndi gaga. Mphale imatsala pansi chifukwa njolemera. Belisazara anachita phwando la akalonga chikwi, akumwera m'zotengera za golidi za m'kachisi, ndipo usiku womwewo dzanja linalemba pa khoma kuti wayesedwa pa muyeso napezeka wopepuka (Danieli 5). Herode Agripa anabvala zachifumu ku Kaisareya, khamu linamutcha mulungu, iye nalandira chitamandocho, nafa atadyedwa ndi mphutsi (Machitidwe 12:21-23). Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene Mose anaona

Mose anali ataona kale moto ndi utsi pa Sinai, komabe anapempha kuti aone ulemerero wa Mulungu (Eksodo 33:18). Werengani bwino yankho lake kufikira Eksodo 34:7. Yehova anamubisa m'phanga la thanthwe, napititsa ukoma wake pamaso pake, nalalika dzina lake: chifundo, chisomo, kuleza mtima, choonadi, kukhululukira, ndi chilungamo chosalekerera tchimo. Mose anapempha ulemerero, napatsidwa khalidwe. Nkhope yake inawaladi potsika m'phiri, koma kuwalako kunadza pambuyo, ndipo mwini wake sanadziwe kuti akuwala (Eksodo 34:29).

Yohane akutitengera patsogolo. Yesu ananena za nthawi yake yolemekezedwa pamene mtanda unali pafupi, nafanizira ndi mbeu ya tirigu yogwa m'nthaka ndi kufa (Yohane 12:23, 24). M'chaputala chomwecho timamva za akulu ena amene anamkhulupirira koma anaopa kumbvomereza poyera, popeza chitamando cha anthu chinawakomera koposa cha Mulungu (ndime 42, 43). M'chaputala chotsatira, Mwini ulemerero wonse anadzimangira nsalu m'chiuno, nathira madzi m'beseni, nagwada pa mapazi a asodzi.

Kodi tsono kufuna ulemerero ndi tchimo?

Wina adzati: Abusa, kodi mukufuna tikhale anthu osalimbikira? Mwana wanga asafune kukhala woyamba m'kalasi? Kwaya yathu isayesetse kuimba bwino? Funsoli nloyenera. Miyambo 22:1 imaika mbiri yabwino pamwamba pa chuma, ndipo Paulo amayamikira iwo ofuna ulemerero ndi ulemu ndi chisabvundi mwa kupirira pa ntchito zabwino (Aroma 2:7). Njala yofuna kuti moyo wathu ukhale ndi kulemera anaiika ndi Mlengi. Tchimo limalowa pamene tisinthanitsa kulemera ndi kuwala, ndi pamene tilanda cha Mwini.

Ndidziulule ndekha. Nditangoyamba ubusa, ndinalalika pa msonkhano wina wa misasa, ndipo nditatsika ndinapeza mtima wanga ukuwerenga anthu odzandigwira chanza. M'pemphero ndinali nditanena kuti ulemerero ubwerere kwa Mulungu, koma makutu anga ankadikira dzina langa. Madzulo ake, pamene anthu anali kumwazikana, ndinaona dikoni wina wokalamba akutola zinyalala ndi kukonza zimbudzi za pamsasa, yekha, popanda womuona. Palibe analengeza dzina lake pa chimkuzamau. Usiku umenewo ndinadzifunsa kuti pa muyeso wa kumwamba, wolemera anali yani pa awirife.

Yeso lake nlapafupi. Kodi ntchito imene ndikuchita ndikanaichita mofanana pakanapanda wondiona? Pa tsiku losonkha ndalama zomangira tchalitchi, kodi chopereka changa chimakula akamatchula maina? Wina akayamikiridwa pa ntchito imene tinagwira tonse, kodi mtima wanga umawawa? Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Kumpatsa Iye ulemerero

Ife Adventisti timalalika uthenga wa mngelo woyamba, woitana anthu onse kuopa Mulungu ndi kumpatsa ulemerero chifukwa nthawi ya chiweruzo yafika (Chibvumbulutso 14:6, 7). Mulungu sitingamuwonjezere kuwala. Kumpatsa ulemerero ndiko kulola kuti mau ake akhale olemera koposa mau ena onse m'moyo wathu, ndi kuti khalidwe limene Mose anamva lioneke mwa ife.

Chotero mbale amene walemba glory pa minibasi yake sanalakwe. Koma liulo limayesedwa ndi mmene amapakirira anthu, ndi mmene amalipirira dalaivala ndi kondakitala. Mlongo amene watcha okala yake dzina la ulemerero wa Mulungu ayang'ane sikelo yake ndi mbale yoyezera nyemba, ngati siinaphwanyidwe kunsi. Wogula wa ku Area 23 sadzawerenga Eksodo 34 lero, koma adzawerenga muyeso wathu. Ndipo wantchito amene wakana kugwira ntchito pa Sabata, nataya malo ake, pamaso pa anzake wapepuka. Pamaso pa Mulungu waonetsa chimene chili cholemera.

Nanga mau a pa maliro aja? Kunena kuti womwalira wakwezedwa kunka ku ulemerero kunayamba ndi a Salvation Army, ndipo mipingo yambiri inatengera. Tisanyoze olira amene atonthozedwa ndi mauwa. Koma ife tidziwa kuti akufa ali m'tulo, ndi kuti ulemerero wolonjezedwa udzaperekedwa kwa onse pamodzi pa kudza kwa Ambuye (1 Atesalonika 4:13-17, 1 Akorinto 15:42, 43). Sitikweza munthu ndi mau a pa pepala, kapena ndi bokosi lodula, kapena ndi chiliza. Adzamkweza ndi Iye amene ali ndi makiyi a manda. Paulo, amene ankadziwa bwino Chihebri, anayerekeza masautso a tsopano ndi katundu wopepuka wa kanthawi, ndi ulemerero ulinkudza monga katundu wolemera wosatha (2 Akorinto 4:17).

Abale ndi alongo, kamodzi pa miyezi itatu, tisanadye Mgonero wa Ambuye, timatuluka ndi mabeseni ndi matawulo. Bwana wa ku Capital Hill amagwada pa mapazi a mlonda wa ku Chinsapo, amene wayenda m'fumbi kuchokera m'bandakucha. Palibe wojambula, palibe woomba m'manja. Pamene mudzagwada m'chigawo chino, kumbukirani kuti Yohane anaona ulemerero wa Mwana wa Mulungu pamalo otere.

Zokambirana m'kalasi

1. Tchulani munthu mmodzi, osati ndi dzina, amene ali wolemera m'khalidwe koma wosadziwika mumpingo mwanu. Kodi mpingo ungamlemekeze bwanji popanda kumsandutsa wofuna kutchuka?

2. Ndi miyambo iti ya m'tchalitchi mwathu imene imadyetsa njala ya kuoneka? Tingaikonze motani?

3. Kodi mnansi wanu wosapemphera angadziwe chiani za khalidwe la Mulungu poona malonda anu kapena ntchito yanu sabata ino?