Kodi Chifundo Chokha Chingasamale Wodwala?

Ku Chinguluwe, monga m'midzi yambiri ya m'boma la Salima, nkhalamba ikadwala mwakayakaya amaisamala ndi abale, ndipo ambiri amati chikondi chokha n'chokwanira. Ine ndikuti ayi: chifundo chopanda luso chimatha kuvulaza. Munthu wosatha kudzuka akagonera mbali imodzi tsiku lonse, magazi sayenda bwino pamene fupa latsamira mphasa, ndipo m'chiuno ndi kuzidendene mumabuka zilonda zovuta kupola. Wophunzitsidwa amadziwa kumutembenuza maola awiri aliwonse, kumupukuta thukuta m'makwinya a khungu m'chitungu cha kunyanja kuno, ndi kumukhazika tsonga asanamumwetse phala kuti asatsamwe nalo.

Ena amatsutsa kuti maphunziro amasandutsa ntchito ya Mulungu kukhala ganyu, ati wolipidwa alibe mtima. Nkhawayi ndi yomveka, pakuti manja ozolowera amaiwala msanga kuti akugwira munthu. Koma Msamariya wa pa Luka 10 sanangoima n'kumva chisoni. Anathira mafuta ndi vinyo pamabala, anawamanga, nalipira mwini nyumba ya alendo kuti apitirize chisamalirocho. Mzimu womwewo uli ku Ndi Moyo, malo amene Lucy Finch anatsegula ku Salima mu 2007, kumene azaumoyo amaphunzira kuchepetsa ululu wa odwala matenda osachiritsika.