Za Kuwerenga ndi Zala

Abale okondedwa a ku Chimbiya ndi midzi yozungulira, tsegulani Levitiko 19:14. Pamenepo Mulungu atiletsa kukhumudwitsa munthu wakhungu pa njira yace. Ambiri a ife titi, Ine sindinamuikire mwala wosaona. Koma nanga iye wobisa mwana wace wakhungu, poopa kuti anthu angati anamkhwimira? Anzace apita ku sukulu, iye atsala pa khonde kuingitsa nkhuku pa mphale. Kodi umenewo si mwala? Pa Yohane 9 ophunzira anafuna kudziwa wocimwa, mwana kapena akumbala, ndipo Ambuye anakana zonse ziwiri.

Ku France kunali mnyamata dzina lace Louis Braille, wobadwa caka ca 1809. Ali wa zaka 3 anadzilasa m'diso ndi cobowolera zikopa ca atate wace, ndipo pambuyo pace maso onse awiri anafa. Pofika 1824 anali atakonza malembo a timadontho totukuka pa pepala lolimba. Malo a timadonthoto ndi 6 okha, atatu uku atatu uku; koma posintha maikidwe ace patuluka zizindikiro 63, zokwanira malembo ndi ziwerengero. Cala ciyenda pa mzere, ndipo mwana awerenga Mau a Mulungu yekha, ngakhale usiku wopanda nyali, kumene ife openya tilephera.

Nzeru iyi si yacilendo kwathu kuno. Caka ca 1905 Mai Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa akhungu pa misyoni ya Magwero, pafupi ndi Chipata. Pambuyo pace Sinodi ya Nkhoma inatsegula sukulu zotere pa Chilanga ku Kasungu ndi pa Malingunde.

Ena acita manyazi ndi ndodo yoyera kapena njinga ya wopuwala; koma mkulu wobvala mandala powerenga Buku Lopatulika sindinamuone alikubisa nkhope. Ndipo wodwala manjenje uja wa pa Marko 2 anafika kwa Yesu pa mphasa, ndi amuna anai omnyamula.

Cifukwa cace akulu a mpingo ayende m'midzi nalembe ana otere, nalankhule ndi makolo ao mofatsa. Nkhalamba za ng'ala ziperekezedwe ku cipatala ca Nkhoma. Amisiri a matabwa aseme ndodo zoyendera, nakonze pa khomo la kacisi kuti njinga ilowe. Za ulendo wa mwana wonka ku Chilanga, mudzi uli wonse upatule thumba limodzi la kacewere pa nyengo yokumba.