Kodi Cholembera Chimalemba Chiyani za Mwana Wovulala Ubongo?

Zaka zingapo zapitazo, m'madrasa momwe ndimaphunzitsa munali mnyamata wa zaka zisanu ndi zinayi, mwana wa msodzi, yemwe ankaloweza msanga kuposa anzake onse. Anali atatsala pang'ono kutsiriza Juzu Amma pamene mvula ya mu February inadza ndi udzudzu wake. Thupi linatentha Lachiwiri, pofika Lachinayi anali atakomoka, ndipo anagona chikomokere m'chipatala masiku anayi. Tsiku limene anaphenya, mudzi wonse unati Alhamdulillah, mayi ake n'kuphika mpunga wa sadaka.

Patatha mwezi anabwerera pamkeka wake. Nkhope inali yomwe ija, mawu omwe aja, koma sura zimene ankazilakatula ngati madzi otsetsereka zinali zitamwazika. Kukhazikika kunkamukanika. Ankatsina anzake, kuthawira panja phunziro lili mkati, kupsa mtima pa kanthu kosanunkha kanthu. Ine ndinagamula kuti makolo amusasatitsa chifukwa cha matenda aja, ndipo ndinatola ndodo. Sindinamukwapule tsiku limodzi lokha ayi. Madzulo ena mayi ake anafika, nakhala pansi chapatali, nati: "Mwalimu, mwana uyu si amene ndinapita naye kuchipatala. Agogo ake akuti ndi majini, bambo ake akuti ndi mwano. Nanga inu mukuti n'chiyani?" Ndinayankha ndi mawu olimbikitsa kupirira, koma ndinadziwa mumtima kuti funso lawo ndalilambalala.

Yankho linadzera kwa wophunzira wanga wakale amene tsopano akuphunzira udokotala pa Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre. Atabwera kutchuthi anandisimbira za masemina amene amakhalapo nawo, pomwe wofufuza mmodzi amaimirira n'kuonetsa zithunzi za mkati mwa mitu ya ana odwala, kenako anzake n'kumupanikiza ndi mafunso mopanda kuyang'ana nkhope: ana angati, munayeza bwanji, mukudziwa bwanji kuti si matenda ena? Ndinaseka pomva zimenezi, pakuti ndi mmenenso tinkapanikizirana pa maphunziro a Usul al-Fiqh, kufunsana dalili pa mawu aliwonse. Koma pamene anayamba kufotokoza zimene zapezeka m'zipinda zimenezo, kuseka kunandithera.

Kafukufuku wa malungo a mu ubongo ali ndi mbiri yaitali pachipatala cha Queen Elizabeth, chija timachitcha cha Gulupu. Madokotala awiri, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, anakonza muyeso wodziwira kuya kwa chikomokere cha mwana, ndipo chilengezereni mu 1989 umagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri ndi dzina la mzinda wathu, Blantyre Coma Scale. Mwana amapatsidwa nambala kuchokera pa 0 kulekeza pa 5, malinga ndi mmene akulondolera chinthu ndi maso, mmene akulirira ndi mmene akusunthira thupi akamva kuwawa. Tizilombo ta malungo timalowa m'maselo ofiira a magazi, maselowo n'kukakamira m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo. Mu 2008 pachipatalapo panafika makina a MRI, ojambula ubongo wa munthu wamoyo popanda kumung'amba, ndipo mu 2015 Karl Seydel ndi anzake anafalitsa zimene anaona mwa ana 168. Ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwowa ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Chigaza sichifutukuka. Ubongo ukatupa umakanikiza tsinde lake, pomwe pali malo olamulira kupuma, ndipo mpweya umaima.

Chimene chinandilasa kwenikweni ndi kafukufuku wina, wotsogozedwa ndi Gretchen Birbeck, amene anatuluka mu 2010. Analondola ana 132 amene anadzuka ku matendawa. Khumi ndi awiri anayamba kugwa khunyu, 14 anasanduka osalamulirika m'makhalidwe, ndipo kuphatikiza mavuto onse, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anatsala ndi chipsera china mu ubongo. Mwana amene ndinkamukwapula uja anali kale m'mabuku a anthu ophunzira, ndi zizindikiro zake zonse, ine ndikumutcha wamwano.

Apa ndi pamene pakubuka funso lomwe lingasautse Msilamu woganiza. Ngati kutupa kwa nyama ya m'chigaza kungasandutse mwana wofatsa kukhala waukali, kodi kufatsa kuja kunali kwa ndani? Kunali kwa mzimu wake kapena kwa nyamayo? Ndipo ngati khalidwe limapangidwa mu ubongo, mlandu ukhalapo bwanji, nanga tsiku la chiweruzo lidzaweruza chiyani? Kumaiko a azungu funsoli amalikoka mpaka kutali. Amatchula Phineas Gage, kapitawo wa ntchito ya njanji ku Vermont, amene chitsulo chinamuboola mutu mu 1848 n'kupulumuka, koma dokotala wake analemba kuti khalidwe lake linasinthiratu. Amatchulanso Benjamin Libet, amene mu 1983 anaonetsa kuti munthu akafuna kusuntha dzanja, ubongo umayamba kukonzekera kachigawo ka sekondi iye asanazindikire kuti wafuna. Ena mwa iwo amatsiriza ndi mawu akuti ufulu wosankha ndi maloto chabe, munthu ndi makina a nyama.

Maganizo amenewa si achilendo kwa ife. Makolo athu m'maphunziro anakumana nawo kwa a Jabariya, amene ankati munthu ali ngati nthenga m'mphepo, ndipo anawakana. Kusiyana kwake n'kwakuti akale aja ankaloza ku chikonzero cha Allah pomwe atsopanowa akuloza ku maselo, koma onse awiri akulanda munthu udindo wake. Ndipo umboni wa atsopanowa ndi wopepuka kuposa mmene amauonetsera. Kusuntha chala m'chipinda choyesera, popanda chifukwa chilichonse chosankhira sekondi iyi kapena iyo, si chimodzimodzi ndi msodzi wa ku Makanjira amene wagona usiku wonse akulingalira ngati abweze ngongole ya injini kapena aikane. Ngakhale Gage yemweyo, kumapeto kwake anakagwira ntchito yoyendetsa ngolo za akavalo ku Chile kwa zaka zingapo, ntchito yofuna kudekha ndi kusunga nthawi. Munthu amene amati watheratu anaphunziranso kudzigwira.

Tisaganizenso kuti kutchula ubongo n'kugonjera anthu osakhulupirira. Imam Nawawi, pofotokozera Sahih Muslim, analemba kuti maulama a mazihabu athu a Shafi'i amati nzeru imakhala mu mtima, pomwe Imam Abu Hanifa amati imakhala mu ubongo. Ibn Sina, amene anamwalira mu 1037, anagawa kukumbukira, kulingalira ndi kuona zithunzi m'maganizo m'zigawo zosiyana za ubongo, ndipo sanaleke kukhulupirira kuti mzimu ulipo ndipo sufa pamodzi ndi thupi. Imam Ghazali anachenjeza kuti liwu loti mtima lili ndi matanthauzo awiri, nyama ya m'chifuwa ndi chinthu chobisika chimene chimazindikira Mbuye wake, ndipo kuti ziwalo ndi antchito a chobisikacho. Ine ndimaziona motere: mlembi waluso akapatsidwa cholembera chothyoka nsonga, zilembo zake zimapotoka. Woona pepala lokha adzati mlembiyo ndi mbuli. Makina a MRI amationetsa nsonga yothyokayo, ndipo pamenepo akutithandiza. Mlembi mwini samuoneka pachithunzi, ndipo Surat al-Isra inatiuziratu kuti za mzimu tinangopatsidwako chidziwitso chochepa.

Choncho kafukufukuyu sakufafaniza mlandu. Chimene akuchita n'kutikakamiza kuti tiuyeze bwino, ndipo muyesowo Shariya inali nawo kale ife tisanauiwale. Lamulo limagwera munthu amene ali mukallaf, kutanthauza wotha msinkhu komanso wanzeru zake. Hadith yodziwika, yopezeka m'buku la Abu Dawud, imatchula anthu atatu amene cholembera chimachotsedwa pa iwo: wogona, mwana, ndi wozungulira mutu. Kumapeto kwa Surat al-Baqarah timaphunzira kuti Allah sasenzetsa munthu katundu woposa mphamvu zake. Akatswiri a Usul sanalekere pa magulu awiri okha, wamisala ndi wabwinobwino. Anazindikira munthu wapakati, amene anamutcha ma'tuh, yemwe nzeru zake n'zoperewera koma sizinachokeretu, mawu ake ena ngolongosoka ena ngosokonekera, ndipo anamuika pa mlingo wa mwana wozindikira. M'mazihabu a Shafi'i, munthu amene wakomoka nthawi yonse ya swala salamulidwa kuibweza. Anthu amenewa analibe makina ojambulira, koma anaona kuti kuthekera kwa munthu kuli ndi makwerero, ndipo udindo umakwera ndi kutsika potsata makwererowo.

Tsono taonani kulakwa kwanga kuli pawiri. Mnyamata uja anali mwana, cholembera cha angelo chisanayambe n'komwe kumulembera zoipa, komanso anali wovulala m'chiwalo chenicheni chodzigwirira. Allah anamuchotsera mlandu kawiri, ine n'kumuweruza tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi anzanga amene amakonda kunena kuti mabuku amalola kulanga mwana akumbukire kuti mabuku omwewo amaika malire: chilango n'chololedwa pokhapokha pali chiyembekezo choti chikonza. Ndodo siingaphwetse chipsera cha mu ubongo. Imangophunzitsa mwanayo kuti Qur'an ndi ululu zimayendera limodzi.

Koma pali mbali ina imene sindifuna kuibisa, chifukwa chifundo nachonso chili ndi msampha wake. Mawu akuti "si iye, ndi mutu wake" akhoza kusanduka manda oikamo mwana wamoyo. Ndaona makomo amene mwana wakhunyu amuchotsa kusukulu ndi kumadrasa, samutumanso, samudzudzulanso, samuyembekezeranso kanthu, ndipo amati akumumvera chisoni. Kumuchotsera munthu udindo wonse n'kumuchotsa m'gulu la anthu. Ubongo wa mwana umapitiriza kukula ndi kulumikiza njira zatsopano, ndipo chimene chimaumba njirazo ndi kubwereza, chizolowezi, ndi munthu wamkulu amene satopa. Imam Ghazali analemba chigawo chathunthu cha Ihya chotsutsa amene amati khalidwe silisinthika. Ntchito ya kholo ndi mphunzitsi, tsono, ndi kupeza pamene mphamvu za mwanayu zikulekeza lero, n'kumupempha zofika pamenepo, osapitirira komanso osachepetsa. Zimenezi n'zovuta kuposa kukwapula, n'zovutanso kuposa kumutaya.

Za majini ndinenepo mwachidule. Kukhalapo kwawo sitikukana, ndipo ruqya ya Qur'an ndi dua ndi yabwino pa matenda alionse. Koma mwana wotentha thupi akayamba kugwedezeka ndi kutembenuza maso, ola lililonse limene tataya pofunafuna womuwerengera ndi ola limene ubongo ukutupa. Werengani muli m'njira, pa njinga kapena m'boti. Khunyu limene limatsatira pambuyo pake lili ndi mankhwala m'zipatala, silipatsirana, ndipo thovu la wogwayo silidetsa amene wamugwira.

Palinso ngongole ina imene tiyenera kuivomera. Mbali ya chidziwitso chimenechi inachokera kwa makolo amene, misozi ili m'maso, analola madokotala kupima matupi a ana awo atamwalira. Lipoti la 2004 linaonetsa kuti mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, asanu ndi awiri anafa ndi matenda ena, ndipo zimenezi zinalimbitsa njira yoyang'ana mkati mwa diso la mwana wodwala pofuna kutsimikiza matendawa. Ife Asilamu timafulumiza janaza ndipo timalemekeza thupi la wakufa monga la wamoyo, ndiye nkhaniyi imatilemera, ndipo iyenera kutilemera. Komabe maulama ambiri a masiku ano aloleza kupima kotero pakakhala kufunika kwenikweni, ndi chilolezo komanso ulemu. Sindikuuza kholo lililonse chochita pa tsiku lowawa ngati limenelo. Ndikungoti ana athu a kuno kunyanja, kuyambira ku Malombe mpaka ku Monkey Bay, akupindula ndi chisankho chimene makolo ena anachita, ndipo makolowo ngoyenera dua yathu.

Ndinapita kwa mayi aja kukapepesa. Anadabwa, pakuti kwathu kuno mwalimu sapepesa kwa kholo, ndipo anangoti, "Zinatha, Mwalimu, inunso simunkadziwa." Ndinayamba kumukhazika mnyamatayo pafupi nane, kumupatsa ayah imodzi m'malo mwa zisanu, kumutuma kukatunga madzi ndikaona kuti miyendo yayamba kumuyabwa. Akatsina mnzake ndinkamuuza kuti walakwa ndipo apepese, chifukwa zimenezo ankazitha. Chiyambire chaka chimenecho, kholo likabwera kudzalembetsa mwana ndimafunsa ngati anakomokapo ndi malungo, ndipo chaka chilichonse amapezeka.

Juzu Amma sanaitsirize. Lero ndi mnyamata wamkulu, amasoka maukonde ndi bambo ake, ndipo amaswali ndi Fatiha ndi sura zinayi zazifupi zimene zinakhazikika. Ukali sunamuchokeretu. Mwezi wa Ramadhan wapitawu anakangana ndi mnzake padoko pa nkhani ya usipa, n'kunyamula nkhafi m'mwamba. Amene analipo akuti anaima choncho kanthawi, manja akunjenjemera, kenako anaiponya pamchenga n'kuchokapo akulira.